Mathiraki a pa Mbudzi anapita kuti?

Nabanda (Glen Norah): Mwadzuka bwanji nonse. Funso langa likupita kwa inu oyendetsa mathiraki. Ndakhala ndikuphika nsima pafupi ndi pa Mbudzi, mphambano yaikulu ya kum'mwera kwa Harare, zaka 12, ndipo odya anga ambiri anali madalaivala ochokera ku Beitbridge opita ku Chirundu. Atayamba kumanga milatho yodutsana ija mu 2022 anatisamutsa, ine n'kumati ntchito ikatha anthu anga abwerera. Anatsegula mu Meyi 2025. Thiraki tsopano imangodutsa m'mwamba osaima, komanso nkhope zambiri zimene ndinkazidziwa sindikuzionanso n'komwe. Kale nkhuku zisanu zinkatha dzuwa lisanapendeke, lero ziwiri ndimabwerera nazo kunyumba. Anthu amenewa anapita kuti?

Che Saidi (Mbare): Tadzuka achemwali. Tilipo, anangotisintha njira. Chitsegulireni mlatho wa Kazungula mu Meyi 2021, abwana anga katundu wa ku Congo samudutsitsanso muno. Ndikanyamula ku Durban ndimalowa Botswana pa Martin's Drift, kenako Francistown, Nata, Kazungula, Livingstone, Lusaka mpaka Kasumbalesa. Kale pa Kazungula panali pantoni, unkagona pamzere masiku angapo kudikira kuwoloka Zambezi, ndiye aliyense ankati bola Beitbridge. Pano pali mlatho, ndipo mapepala a Botswana ndi a Zambia umathera malo amodzi. Abwana amawerenga masiku ndi ndalama za m'mageti. Harare ndimaiona pa tchuthi basi.

Nabanda (Glen Norah): Ndiye mlatho wa eni ake ku Botswana ukazimitse moto wanga ku Glen Norah kuno?

Che Saidi (Mbare): Eya. Mudzauone pa mapu a pa foni. Ndi wa mamita 923 ndipo ndi wokhota ngati uta. Anaukhotetsa dala kuti usaponde gawo la Zimbabwe kapena la Namibia, poti mayiko anayi amakumana pamenepo. Ine ndikamadutsa ndimaona Zimbabwe ili apo, koma tayala silikhudza.

Tadala (Marlborough): Azakhali, pepani ndi zimene zakuchitikirani. Ine ntchito yanga ndi ya mapulani a mizinda, ndiye ndiloleni ndifotokoze momwe ndimazionera. Msewu umene munkaphikira m'mbali mwakewo, ife a Harare timautcha Simon Mazorodze. Koma pa mapepala a mayiko uli ndi dzina lina, ndi chidutswa cha North-South Corridor, njira ya katundu yochokera ku doko la Durban kukafika ku migodi ya kopa ya Zambia ndi Congo. Mabungwe atatu, SADC, COMESA ndi la mayiko a kum'mawa kwa Africa, anaikhazikitsa pamsonkhano wa ku Lusaka mu 2009. Njirayo ili ndi miyendo iwiri, wina wodzera muno wina wodzera Botswana. Mwendo umene wayamba kukonzedwa ndi umene umatenga katundu.

aZimba (Mufakose): Iwe Tadala, SADC ili ndi thalakitala? Ine chibadwire sindinaone galimoto yolembedwa SADC ikugumula nyumba kapena kuthira phula. Tisamanamizire anthu a ku likulu la SADC ku Gaborone zinthu zimene talakwitsa tokha.

Tadala (Marlborough): Ilibe amalume, ndipo siigawa puloti ngakhale imodzi. Lamulo la malo ndi la dziko lino, amaligwiritsa ntchito ndi boma ndi makhonsolo. Koma taonani mmene zimayendera. Mu 2012 ku Maputo atsogoleri a SADC anavomereza pulani yaikulu ya misewu, njanji, magetsi ndi madzi ya chigawo chonse. Boma likapita kukapempha ngongole ku African Development Bank kapena kwa a Japan, obwereketsa amayamba ayang'ana ngati ntchitoyo ili pa mndandanda wa chigawo. Ikakhalapo ndalama imapezeka msanga. Ikapanda kukhalapo mudikira. Ndiye boma polemba mapulani ake limatsata mzere womwewo, khonsolo nayo imasunga malo a msewu, mtengo wa malo m'mbalimo umakwera, obwera ndi ndalama amamanga nyumba zosungiramo katundu ndi malo omwetsera mafuta. Pofika pa inu azakhali nkhani imakhala itatha kale zaka khumi zapitazo. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti pa mapu amenewo timalemba matani a katundu ndi maola a paboda. Wophika nsima, wokonza matayala, wogulitsa madzi, palibe pamene timawalemba, ngakhale kuti dalaivala sangayende popanda iwo.

Aphunzitsi Mwale (Highfield): Ndawerenga zonse. Ana inu, zimenezi si zachilendo kwa ife. Tikukhala mu Harare muno chifukwa cha mapu otere. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba 1953 n'kutha 1963, likulu lake linali Salisbury yemweyu. Anakhala pansi n'kugawa ntchito: kumpoto kukumbidwe kopa, kuno kumangidwe mafakitale ndi yunivesite ya ku Mount Pleasant, ku Nyasaland kuchokere manja. Pa nkhani ya magetsi panali maganizo a Kafue, panalinso pulani yaikulu ya chigwa cha Shire. Anasankha Kariba mu 1955, khoma linatha 1959, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Zambezi. Magetsi a pa Nkula kwathu anadzayaka 1966, Chitaganya chitafa kale. Mukadzafunsa chifukwa chake mafakitale ali ku Southerton ndi Workington mu Harare muno osati ku Limbe, yankho lina lili pamenepo. Abambo athu anatsata magetsi.

Gogo Naphiri (Dzivarasekwa): Ndi mdzukulu wawo ndikulemba, agogo akunena okha. Akuti: Aphunzitsi anena zoona. Bambo anga anachoka ku Dedza pa lole ya Ulere, yosalipira, kudzera ku Tete mpaka ku Mtoko. Ena ankalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za ku Rhodesia. Panjira panali misasa yogonamo ndi chakudya, zonse zokonzedwa bwino, chifukwa mafamu ankafuna anthu. Njira yobwera inali yosalala. Yobwerera palibe anaikonza, n'chifukwa chake kumudzi anatitcha machona. Bambo anaumba njerwa ku Mt Hampden, kunja kwa Harare, mpaka msana unapindika, manda awo ali komweko.

aZimba (Mufakose): Agogo ndakumvani, ndipo sindikutsutsa. Koma aphunzitsi musaike Chitaganya ndi SADC m'dengu limodzi. Chitaganya anatikakamiza, anthu anafa mu 1959, Kamuzu anamutsekera ku Gweru konkuno. SADCC, imene pambuyo pake inakhala SADC, anaiyambitsa ndi atsogoleri athu ku Lusaka pa 1 Epulo 1980, mayiko asanu ndi anayi, Malawi ndi Zimbabwe ali momwemo, cholinga chake kuchepetsa kudalira madoko ndi njanji za boma la tsankho la South Africa. Ndipo ndikuuzeni chinthu china. Ine ndinabadwira ku Mufakose, koma chitupa changa chinalembedwa kuti ndine mlendo. Lamulo la 2001 linatichotsa ambiri pa kaundula wa mavoti. Chinandibwezera unzika ndi ndime 43 ya malamulo a dziko a 2013, imene imati wobadwira muno amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndi nzika mwa kubadwa. Dzina la SADC lili m'malamulo a dziko lino ndipo linandipatsa chitupa. Munthu wondipatsa chitupa sindimutukwana.

Aphunzitsi Mwale (Highfield): Sindinatukwane aZimba. Kusiyana kulipo ndipo ndi kwakukulu. Ndikungoti mzere ukajambulidwa patali, wojambulayo kaya ndi mzungu kaya ndi m'bale wako, amene ali pansi pa mzerewo safunsidwa.

aZimba (Mufakose): Nanga msewu wa Harare kupita ku Chirundu anaukumba maenje ndi a SADC? Che Saidi anene okha mmene kulili ku Makuti uko. Pa Chirundu tinali oyamba, boda ya malo amodzi inatsegulidwa mu Disembala 2009, anthu ankachokera kutali kudzaonera. Tinali patsogolo. Anzathu anamanga mlatho ife tikuzengereza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pano takonza msewu wa Beitbridge, takonza boda ya Beitbridge, tamanga pa Mbudzi, zonsezo n'kuthamangira mathiraki omwewo kuti abwerere. Ndiye walira mvula walira matope, ukafuna thiraki iyende msanga sungafunenso kuti iziima pa mphika uliwonse.

Nabanda (Glen Norah): Matopewo nanga bwanji amagwera anthu omwewomwewo, achimwene? Amene anali ndi mapepala a nyumba pafupi ndi pa Mbudzi anakambirana nawo za chipukuta misozi. Ife a m'mbali mwa msewu anangotiuza tsiku. Sindikukana chitukuko ine, pa Mbudzi panali chipwirikiti, anthu ankagona m'magalimoto madzulo alionse. Koma malo onse aja, analephera kusiya kachigawo koti thiraki iime munthu adye?

Che Saidi (Mbare): Apo achemwali mwalasa. Ife timafuna poima pabwino kuposa inu. Lamulo limati dalaivala apume, koma ukaima pambali apolisi akulemba, ukapitirira tulo tikupha. Za ku Makuti aZimba musandikumbutse, mapiri aja otsikira ku Zambezi adya anzanga.

Mayi a Yamikani (Epworth): Ine mwandikhudza pena. Nonse mukukamba za msewu wa Durban, nanga msewu wathu wa kumudzi? Ndimapita ku Blantyre kawiri pamwezi kukatenga mpunga wa Kilombero, usipa ndi zitenje. Ulendo wake ndi makilomita pafupifupi 600 okha, kufanana ndi kupita ku Beitbridge. Koma uwerenge zipata: Nyamapanda, Cuchamano, kenako Changara, Tete, Moatize, ndiye Zobue, Mwanza. Zidindo zinayi. Basi yonse kutsika kanayi, katundu kutsitsa, ana akulira. Timanyamuka m'mawa kukafika usiku. Ndipo pamene tikunyamula maliro kupita nawo kumudzi mavuto ake ndi omwewo, kuwonjezapo mapepala a thupi.

Tadala (Marlborough): Mayi a Yami, kodi simugwiritsa ntchito dongosolo la COMESA la amalonda ang'onoang'ono? Katundu wosapitirira madola 2,000 amene ali pa mndandanda wogwirizana amalowa ndi fomu yachidule, popanda msonkho wa kasitomu. Pakati pa Malawi ndi Zimbabwe likugwira ntchito pa Mwanza ndi pa Nyamapanda.

Mayi a Yamikani (Epworth): Ndimagwiritsa mwanawe, ndipo limathandiza, sindinama. Koma pakati pa Mwanza ndi Nyamapanda pali Mozambique, ndipo Mozambique sali mu COMESA, anatulukamo kalekale. Ndiye pepala limene likulemekezedwa uku ndi uku, pakatipo ndi pepala chabe. Mayiko atatu onsewa ali mu SADC, koma mgwirizano wina uli ku bungwe ili, wina ku bungwe ilo. Ife oyenda pansi ndi amene timagwa m'mpatamo.

Aphunzitsi Mwale (Highfield): Ndipo COMESA imeneyo mlembi wake wamkulu anali Bingu wa Mutharika asanakhale pulezidenti. Msewu wa Tete umenewo mayi, m'zaka za m'ma 1980 tinkaudutsa pa mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, kuchoka Nyamapanda mpaka Zobue. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji zonse ziwiri za Malawi, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, mlatho wa Dona Ana anauphulitsa mu 1986. Katundu wa Malawi anayamba kuzungulira ku Durban kudzera muno, wina ku Dar es Salaam. Anthu ambiri a m'gulu lino amene makolo awo anali madalaivala kapena amakanika, ntchito anaipeza nthawi imeneyo. Ndiye Nabanda, mathiraki ena amene munkawaphikira anabwera ndi nkhondo ya eni ake. Mtendere unasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ndipo pang'onopang'ono katundu wayamba kubwerera ku madoko apafupi.

Che Saidi (Mbare): Zoona. Mafuta ndi feteleza wambiri wa ku Malawi amachokera ku Beira, Nacala ndi Dar. Ku Tete anamanganso mlatho wachiwiri wa Kassuende mu 2014, ife a mathiraki olemera sitidzeranso pa wa Samora Machel m'tauni muja. Amayi amene ankagulitsa nsomba ndi mbuzi yootcha pa mzere wa mlatho wakale anaona zomwe mwaona inu achemwali.

aZimba (Mufakose): Tsono ndikupatseni chitsanzo cha dziko loyenda lokha, muone ngati chili bwino. Doko la Nsanje. Bingu analitsegula mu Okutobala 2010, a Mugabe anapita, a Rupiah Banda anapita. Maganizo anali abwino, sitima zizichoka ku nyanja ya mchere kukwera Zambezi kulowa Shire. Koma madzi akumunsiwo ndi a Mozambique, ndipo iwo anati kafukufuku ayambe wachitika. Bwato loyamba analigwira lisanafike. Mpaka lero pali konkire yokha. Anthu anagula malo ku Nsanje poyembekezera mzinda watsopano. Ndiye inu mukuti mizere ya chigawo ndi yoipa, ine ndikuti mzere wojambula wekha m'munda mwa mnzako ndi woipa koposa.

Tadala (Marlborough): Apa amalume ndikugwirizana nanu kwathunthu. Dziko lopanda nyanja silingathawe tebulo limenelo. Onani njanji ya Nacala. Anaimanga a kampani ya migodi ya Vale chifukwa cha malasha a ku Moatize, ndipo njira yachidule yopita ku doko inali yodula pakati pa Malawi, kudzera Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya. Mayiko awiri anagwirizana, njanji ilipo, sitima zikuyenda. Koma funsani kuti inajambulidwira ndani. Malasha. Malawi anapindula chifukwa anapezeka ali panjira. Chimodzimodzi magetsi: ofesi ya Southern African Power Pool, bungwe logawana magetsi pakati pa mayiko a chigawo chino, ili mu Harare muno, bungwelo linayamba 1995, koma Malawi anakhala membala zaka zambirimbiri wopanda waya womulumikiza kwa anzake. Waya wochoka ku Matambo ku Tete kupita ku Phombeya ku Balaka ntchito yake anaikhazikitsa mu 2022. Ine sindikuti tichoke pa tebulo. Ndikuti amene amapita kumeneko amanyamula nkhawa za migodi ndi makampani onyamula katundu, chifukwa amenewo ali ndi owayankhulira. Azakhali alibe.

Gogo Naphiri (Dzivarasekwa): Agogo akuti ndifunse Tadala za ku Mt Hampden. Akuti chaka cha msonkhano misewu inakonzedwa usiku ndi usana, akufuna kudziwa ngati manda a bambo awo adzatsala.

Tadala (Marlborough): Agogo, msonkhano umenewo unali wa atsogoleri a SADC, pa 17 Ogasiti 2024, ku nyumba ya malamulo yatsopano imene anamanga a China. Misewu yopita kumeneko, wa Lomagundi ndi wa Old Mazowe, inakonzedwa m'miyezi yochepa. Koma pulani yomanga mzinda watsopano ku Mt Hampden ndi ya boma la Zimbabwe, msonkhano unangoifulumizitsa. Za manda, chimene ndingakulangizeni ndi ichi: mdzukulu wanu apite akajambule malowo, alembe mayina onse amene akuwerengeka ndi zaka zake, asunge ndi malo ake pa mapu a pa foni. Manda olembedwa pa pepala amavuta kuwanyalanyaza. Akafuna ndimuperekeza Loweruka lina.

Mayi a Yamikani (Epworth): Zomwezo zinachitika ku Lilongwe. Anamanga nyumba zogona atsogoleri pokonzekera msonkhano wa African Union wa 2012, msonkhano n'kusamukira ku Addis Ababa chifukwa cha nkhani ya al-Bashir, pulezidenti wa Sudan wa nthawiyo. Alendo a masiku awiri amakonzeredwa msewu umene eni mudzi aupempha zaka makumi awiri. Kwathu ku Epworth kuno mvula ikagwa kombi safika.

aZimba (Mufakose): Koma msewu wa Lomagundi alendo anapita nawo? Tikuyendapo ndife.

Mayi a Yamikani (Epworth): Mukuyendapo inu a galimoto achimwene.

Aphunzitsi Mwale (Highfield): Tisakangane. Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi mapepala. Mu 2000 mafamu a azungu atatengedwa, antchito ambiri anali a kwathu ndi a ku Mozambique, analibe mudzi wobwererako muno. Anadzaza ku Epworth ndi ku Lydiate kufupi ndi Norton. Mu 2005 Murambatsvina, ntchito ya boma yogumula nyumba ndi misika, inawapezanso, lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena ntchito. Tsono malo amene anthu athu anakhalamo ndi a m'mphepete mwa mzinda, ndipo misewu yolambalala mzinda, malo a mafakitale ndi madepoti a makontena amajambulidwa m'mphepete momwemo. Msika wa Africa yonse umene anasaina ku Kigali mu 2018 ukadzayamba kuyenda bwino, katundu adzachuluka, malo amenewo adzafunika. Wopanda pepala la malo adzauzidwa tsiku ngati Nabanda.

Nabanda (Glen Norah): Ndiye ndichite chiyani Tadala? Mbiri ndamva, koma ana akufuna fizi.

Tadala (Marlborough): Ziwiri azakhali. Choyamba n'chapafupi: pitani kumene mathiraki akuima lero, osati kumene ankaima. Che Saidi ndi anzawo akudziwa. Chachiwiri n'chochedwa koma ndi chimene chimakhalitsa. Pulani ya dera ikamakonzedwa, lamulo limafuna kuti iikidwe poyera anthu aione ndi kulemba madandaulo awo nthawi isanathe. Amabwera ndi eni magalaja ndi maloya awo, amayi a m'misika sindinawaonepo. Mukabwera anthu 30 ndi kalata imodzi yonena kuti pa msewu wakutiwakuti pasiyidwe malo oimika mathiraki okhala ndi madzi, zimbudzi ndi mashedi ophikiramo, kalatayo imalowa mu failo ndipo iyenera kuyankhidwa. Sindikulonjeza kuti mupambana. Koma malo oimika mathiraki ndi chinthu chimene ngakhale obwereketsa ndalama amachimva, chifukwa ngozi za tulo zimawaonongera msewu wawo womwe. Kalatayo ndikuthandizani kulemba, m'Chingerezi ndi m'Chishona.

Che Saidi (Mbare): Madalaivala tisaina nawo. Ndipo achemwali, musayang'ane kum'mwera kokha. Anzanga a ku Beira amatsikira msewu wa Mutare, ambiri amagona cha ku Msasa ndi ku Ruwa kudikira kutsitsa. A ku Malawi ndi ku Tete amadzera wa Mutoko. Kumeneko nsima ya mgaiwa ndi usipa ingathe msanga, anyamata a kwathu amaisowa.

Mayi a Yamikani (Epworth): Usipa ndikupatsani ine pa mtengo wogulira, mudzandibwezera mukagulitsa. Ndibwera nawo Lachisanu ngati pa Zobue satichedwetsa.

Nabanda (Glen Norah): Zikomo achemwali, Mulungu akudalitseni. Koma kuchoka Glen Norah kupita ku Ruwa ndi makombi awiri, ndi mapoto pamutu. Ndiyambe ndawerengera. Che Saidi mundifunsire kwa anzanuwo kuti amaima pati kwenikweni ndipo nthawi yanji, ndisakangofika pamalo popanda munthu. Tadala, amayi amene tinasamutsidwa limodzi manambala awo ndili nawo 17, ena anapita ku Hopley. Ndiwaimbira usiku uno.

Gogo Naphiri (Dzivarasekwa): Agogo akuti Loweruka likubwerali mdzukulu ali okonzeka, ndipo iwonso apita nawo chifukwa manda ena alibe mayina, amawadziwa ndi mitengo.